Kanema Amene Ndapile Anapanga Atatsinzina

Tsiku limene Ndapile anaonetsa ntchito yake kwa eni malonda, palibe amene anaseka. Kuseka kukanakhala chifundo. Anthu anangoti duu, maso ali pa sikirini, ngati pamaliro pomwe aliyense akudikira kuti mnzake ayambitse nyimbo.

Ndapile anali mtsikana wa ku Karonga, wokulira ku Zingwangwa, amene anapita ku Glasgow, ku Scotland, kukaphunzira luso loyendetsa zithunzi ndi zilembo pa kanema. Mukamaonera malonda pa wailesi yakanema, botolo n'kumazungulira lokha, dzina la kampani n'kutulukira ngati likusambira, dziwani kuti pali munthu amene anakhala pa kompyuta n'kulamula kuti ichi chiyende apa, icho chiime apo. Ntchito ya Ndapile inali imeneyo. Atamaliza sukulu analembedwa pa kasitudiyo kena ku Maryhill, dera lina la mzindawo, m'mbali mwa ngalande ya madzi akuda, ndipo chilolezo chake chokhalira m'dzikomo chinamangiriridwa ku ntchitoyo. Ntchito ikatha, ulendo wa kumudzi wayambika.

Eni malondawo anali kampani yaing'ono ya mafuta odzola. Mabotolo awo anali ndi timadontho totukuka toti munthu wosaona aziwerenga ndi chala, zotsekera zolira kuti "ka" zikatsekeka, ndipo mtundu uliwonse wa mafuta unali ndi fungo lakelake. Ankafuna kanema wotsatsa malonda woti afike kwa aliyense: woona, wosaona, wakumva, wosamva.

Koma kanema amene Ndapile anawabweretsera anali ndi dzina la kampani lodukira theka kumanzere. Pakona ina panali kabokosi kakuda komwe anaiwala kufufuta, ndipo kanakhala pomwepo kuyambira poyamba mpaka pomaliza ngati mlendo wosaitanidwa. Khungu la mkazi wa m'kanemamo linkaoneka lobiriwira, ngati la munthu amene wadya zowola.

Alendo atatuluka, Joan, mwini situdiyo, anatseka chitseko.

"Ndapile, unaonera kanemayu usanabwere naye kuno?"

"Ndinaonera."

"Ndiye sunaone?"

Ndapile anayang'ana pansi. Anaoneradi, kambirimbiri. Koma sanaone.

Chaka chapitacho dokotala anali atamuuza kuti ali ndi matenda a maso amene amadya kuona kuyambira m'mbali kulowera pakati, pang'onopang'ono, ndipo alibe mankhwala. Dziko linali litayamba kumuonekera ngati mmene limaonekera ukasuzumira m'bango. Zapakati ankaziona. Zam'mbali zinkangosowa, popanda ngakhale mdima woti umuchenjeze kuti apa pasowa chinthu. Mitundu nayo inayamba kumunamiza. Ndiye onjezanipo Glasgow wa m'nyengo yozizira, kumene dzuwa limabwera mochedwa ngati bwana n'kuweruka msanga ngati bwana yemweyo.

Sanauze munthu. Kwathu kuno mwana amaleredwa kuti wamkulu akamufunsa za moyo ayankhe kuti ali bwino, ngakhale denga likuyaka. Mwambo wabwino ndithu. Vuto lake n'lakuti anthu a ku Scotland ukawauza kuti uli bwino amakhulupirira.

"Eni ake atipatsa mwayi wina, umodzi wokha," anatero Joan. "Ntchitoyi ndikupatsa mnzako Spencer. Ikatha, iwe ndi ine tidzakhala pansi tikambirane za tsogolo lako pano."

"Chabwino," anatero Ndapile.

Ngakhale pamenepo anati chabwino.

Ankakhala ku Dennistoun, m'kachipinda ka m'nyumba ya Mayi Maness, mayi wa Mvano wochokera ku Ntcheu amene ankagwira ntchito yosamalira okalamba. Ndapile anafika, n'kutseka makatani, n'kulowa m'bulangete. Kuntchito anatumiza uthenga woti ali ndi chimfine. Mvula inkagwa pawindo osalekeza, mvula ya kumeneko yopanda mabingu, yopanda ukali, yongonyowetsa mtima. Iye ankangoganiza za tsiku lodzatsika ndege ku Chileka, digiri m'chikwama, dzanja lili paphewa la munthu womutsogolera. Ankamva kale mawu a anthu a m'dera lawo: uja anapita kunja uja wabwera, koma akuti saona.

Lamlungu m'mawa chitseko chinatseguka popanda odi.

"Iwe Ndapile, wafa?"

"Ayi, anti."

"Ndiye dzuka. Anthu ogona tsiku lonse ndimawasamala ku shifiti, ndipo kumeneko amandilipira."

Ndapile anakhala tsonga pabedi. Anafuna kunenanso za chimfine, koma pakamwa panatuluka zina.

"Anti, maso anga akutha."

Mayi Maness anaika duku lawo loyera pambali. Kenako anakhala pamphepete pa bedi.

"Ukuganiza kuti makapu anga akhala akusweka okha? Ine ndimati mwina mwana wayamba mowa. Ndimapempherera zolakwika nthawi yonseyi."

Ndapile anaseka, kuseka kuja kunasanduka kulira, ndipo Mayi Maness anamusiya alire mpaka atatopa.

"Tipita kutchalitchi. Kaya Mulungu achiritsa kaya sachiritsa, izo n'zake. Koma sungakaime pamaso pake ndi nkhope yotuwa ngati wagona m'chigayo. Kasambe ubwere kuno."

Atasamba, Mayi Maness anamukhazika pampando ngati mwana wa sitandade wani. "Tsinzina."

Ndapile anatsinzina. Anamva chitsekero cha botolo chikutseguka. Anamva chala chikukumba mafuta omwe anali atauma ndi chisanu. Kenako zikhatho ziwiri zinayamba kupekesana, poyamba mokakamira, kenako mofewa mafuta atayamba kusungunuka. Mayi Maness anauzira mpweya m'manjamo, fuu. Ndipo manja asanafike, chipumi cha Ndapile chinali chitadikira kale. Chinadziwa kuti ayambira pamenepo. Kuchoka pachipumi atsikira m'masaya, zala zazikulu zidutsa pansi pa maso, kenako kuseri kwa makutu, kenako m'khosi, ndipo pomaliza pabwera kambama kachikondi. Mwana aliyense wa ku Malawi amene anapitapo kusukulu m'mawa wa mu Juni amaudziwa ulendo umenewu.

Kambama kanafika. "Basi, wawala."

Ndapile sanatsegule maso.

Apa pali funso loti okonda zozunguza mutu alisinkhesinkhe. Munthu watsinzina, sakuona kanthu, koma wadziwa chimene chayamba, chimene chatsatira, pomwe chafulumira, pomwe chaima, ndi pomwe chathera. Kodi munthu ameneyu waonera kanema kapena ayi? Ndapile, ali pampandopo, nkhope ili psuu ndi kutentha kwa manja a Mayi Maness, anayankha kuti waonera. Kusukulu anamuphunzitsa kuti uyambe ndi chithunzi, nyimbo ibwere pambuyo, ndipo mawu ofotokozera osaona uwapanikize pomwe patsala mpata. Onse amatero. N'chifukwa chake mawuwo amathamanga ngati kondakitala wa minibasi. Nanga munthu atayambira kumapetoko?

"Anti, mubwerezenso."

"Iwe, mafutawa ndi ogula."

Lolemba Ndapile anapita ku Maryhill n'kumuuza Joan zonse. Joan sanamukumbatire ngati mmene zimakhalira m'mafilimu. Anakwiya.

"Chaka chonse ndakhala ndikukufunsa m'mawa uliwonse kuti uli bwanji!"

"Ndimayankha mmene anandiphunzitsira."

"Tikanakugulira sikirini ina. Tikanasintha magetsi. Wandichititsa manyazi pamaso pa kasitomala chifukwa cha ulemu?"

Ndapile anapepesa, kenako anachita chinthu chimene anali asanachitepo kwa bwana aliyense: anapempha. Anati amulole apange kanema wake pambali, mmene akuganizira iyeyo.

Joan anayang'ana mvula pawindo. "Ntchito ndi ya Spencer, sindimulanda. Koma eni malonda ali ndi gulu la anthu osaona ndi osamva lomwe limayesa zinthu zawo. Gulu limenelo ndi lomwe lidzasankhe. Ukapanga chinthu chomveka, ndidzachiika pambali pa cha Spencer. Chikakanika, sindidzakhalanso ndi chonena kwa anthu oona za zilolezo. Wandimva?"

"Ndamva."

Ndapile anayamba ndi makutu. Analowetsa Mayi Maness m'kabati ya zovala, poti m'menemo ndi momwe munalibe phokoso la mabasi, n'kuwapatsa botolo la kampani ija kuti azipekesa manja pafupi ndi foni yomwe inkajambula mawu. Mayi Maness ankadandaula kuti zaka zonse akhala kunja kuno sanaganizepo kuti adzatsekeredwa m'kabati ndi mwana wa ku Karonga. Ndapile analumikiza mawuwo pa kompyuta sikirini atazimitsa, akumvetsera chabe.

Atamaliza anapita nazo kwa gulu lija, lomwe linkakumana m'kaholo kozizira ku Gorbals. Mtsogoleri wake anali Kettie, mayi wachikulire wobadwira komweko, wosaona chibadwire, wopaka milomo yofiira kwambiri komanso wa lilime lakuthwa ngati lezala.

Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Mwanawe," anatero Kettie, "amenewa ndi mafuta odzola, kapena wina akukazinga nsomba?"

Anthu anaseka. Bambo wina wosamva analankhula ndi manja, womasulira n'kunena kuti: "Akuti iwo angoona sikirini yopanda kanthu. Akufunsa ngati kanemayo wayamba."

Pobwerera kunali kutada kale ngakhale anthu anali asanaweruke. Pafupi ndi mlatho Ndapile anagunda mtengo wa chikwangwani umene sanauone, n'kuchekeka pamwamba pa diso. Anaima pamvulapo, magazi akusakanikirana ndi madzi, anthu akumulambalala mwaulemu. Sabata yomweyo chipatala chinamupatsa ndodo yoyera ya anthu osaona, yotha kupindidwa. Anaiponya pansi pa chikwama ngati chinthu chakuba.

Pamenepa ambiri akanasiya, ndipo palibe akanawadzudzula. Ndapile naye anasiya, kwa masiku angapo. Kenako anaimbira foni Kettie n'kupempha kuti akamuone kunyumba.

Kettie anamulandira ndi tiyi wowawa ndi mafunso.

"Akuti nawenso ukubwera kuno kwathu kumdima?"

"Akutero madokotala."

"Usaope, kulibe lendi. Ndodo anakupatsa?"

"Ili m'chikwama."

"Chikwamacho chikuona bwino tsopano?"

Ndapile anafunsa za kanema.

"Ndikuuze chimene chimandinyansa," anatero Kettie. "Kanema yense amatha, kenako kumabwera kamunthu kothamanga, n'kundiuza kuti mkazi wokongola akumwetulira. Ndiye ine nditani naye mkazi wokongolayo? Ndimudye? Ndiuze ngati mafutawo ndi ozizira. Ndiuze ngati amamata. Ndiuze ngati ndikadzola ndinganunkhe ngati mandimu kapena ngati agogo a munthu. Ine ndimadzola tsiku lililonse, mwanawe. Sindinadzionepo pagalasi, koma ndikudziwa tsiku lomwe ndawala."

Ndapile anabwerera n'kuyambiranso. Anazindikira kuti akajambulidwa pa foni, manja odzola amamvekadi ngati nsomba m'chiwaya, choncho anabwereka maikolofoni ku situdiyo n'kuiyandikiza mpaka mizere ya m'zikhatho imveke. Anachepetsa liwiro. Analemba mawu ochepa oti azinenedwa pakati pa phokoso la manja, osati pamwamba pake: "Poyamba ndi ozizira. Dikirani. Manja anu ndi amene awatenthetse."

Kwa osamva anapatsa phokoso lililonse thupi. Chitsekero chikalira, pa sikirini pankaphulika kadontho, ndipo kwa woonera pa foni, foniyo inkanjenjemera kamodzi m'dzanja. Manja akamapekesana, chozungulira chachikulu chinkapuma pakati pa sikirini, kufufuma ndi kuphwa, chikusintha kuchoka ku mtundu wozizira kupita ku wofunda. Zilembo zinali zazikulu, zosathamanga. Chilichonse anachiika pakati penipeni, poti m'pamene iye ankaona, ndipo anadziwa kuti si iye yekha padziko amene amasuzumira m'bango.

Panatsala mitundu. Imeneyo maso ake sakanaikhulupiriranso, ndipo munthu yekhayo wodziwa bwino mitundu pa situdiyopo anali Spencer, yemwe ankapikisana naye. Ndapile anazungulira desiki ya mnyamatayo m'mawa wonse ngati nkhuku yofuna poikira.

"Spencer, ndikufuna maso ako."

"Onse awiri?"

"Undiuze ngati khungu ili ndi la munthu wamoyo."

Spencer anayang'ana. "Ndi la munthu amene wamwalira posachedwa. Sunthira uko." Anakonza, n'kumuonetsa kuti mtundu uliwonse uli ndi nambala yake mu kompyuta, ndipo nambala siisintha ngakhale diso litatopa. "Ukudziwa kuti ndikuthandiza munthu woti andigonjetse?"

"Ndikudziwa."

"Chabwino. Ndimangofuna udziwe kuti ndine munthu wabwino."

Anapitanso ku Gorbals, ndipo anabwezedwanso. Mawu ankachedwa. Kunjenjemera kwa foni kunadzidzimutsa mayi wina mpaka anaigwetsa. Ulendo wotsatira bambo wosamva uja anati chozunguliracho chikumuchititsa chizungulire. Nthawi iliyonse Ndapile ankabwerera ku Dennistoun, n'kukonza, ndipo nthawi iliyonse kabowo komwe ankaonera kankaoneka ngati kacheperako. Tsiku lina, atatsala pang'ono kugwa pa masitepe a siteshoni ya sitima, anatulutsa ndodo ija. Anayenda nayo nkhope ili yotentha ndi manyazi. Palibe amene anamuyang'ana. Kapena anamuyang'ana, iye sanawaone. Matendawa ali ndi kaubwino kake.

Tsiku losankha linafika. M'kaholo muja munali gulu lonse, Joan, Spencer, ndi mayi mwini kampani ya mafuta. Anayamba ndi kanema wa Spencer. Anali wokongola zedi, tisaname: maluwa akutseguka, madzi akuwala, botolo likuvina m'mwamba. Oona anaomba m'manja. Kettie anayasamula.

Kenako anaika wa Ndapile. Chitsekero chinalira. Chala chinakumba. Zikhatho za Mayi Maness zinayamba kupekesana, ndipo mawu anati, "Poyamba ndi ozizira."

Ndapile sanathe kuona holo yonse nthawi imodzi, choncho ankayendetsa mutu pang'onopang'ono, munthu mmodzimmodzi. Anafika pa Kettie. Manja a mayiyo anali pamiyendo, akupekesana okha. Anasuntha mutu. Bambo wosamva uja, maso ali pa chozungulira chija, naye ankasisita chikhatho ndi chala chachikulu. Anasunthanso. Mwini kampani sankayang'ana sikirini n'komwe. Ankayang'ana manja a anthu.

Kanema atatha, Kettie anatambasula dzanja m'malere.

"Botolo lili kuti? Mwandiyabwitsa manja, ndipatseni ndidzole."

Mwini kampani anatulutsa botolo m'chikwama mwake n'kumuika m'dzanja. Kenako anatembenukira kwa Joan. "Titenga uyu. Ndipo tili ndi sopo amene akutuluka chaka chamawa. Ndikufuna munthu yemweyu."

Panja, Joan anakweza kolala ya jekete lake. "Mawa ubwere ndi pasipoti, tikonze za chilolezo chako. Ndiye ndikufunsenso. Uli bwanji?"

Ndapile anaganiza kaye.

"Sindili bwino. Ndikuopa. Diso lakumanzere latsala pang'ono."

"Zikomo," anatero Joan. "Tiyambire pamenepo."

Nkhaniyi ilibe chozizwitsa cha maso. Mayi Maness ndi amayi anzawo a Mvano akupempherabe, dokotala akuyezabe, ndipo kabowo kakucheperabe. Lidzafika tsiku lomwe Ndapile sadzaona ngakhale chozungulira chimene anachipanga yekha. Akulidziwa tsikulo, ndipo masiku ena amadzuka osafuna kulankhula ndi munthu. Koma akuphunzira kugwiritsa ntchito kompyuta yolankhula, ndipo pa situdiyo ya ku Maryhill ntchito iliyonse yatsopano tsopano imayamba ndi anthu atatsinzina, akumvetsera zimene Ndapile walumikiza. Ntchito yake ilipo. Dzina lake lili pachitseko, m'zilembo ndi m'timadontho.

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso pali chimene chikukutherani pang'onopang'ono, ndipo mukuchibisa pansi pa chikwama kuopa kuti anthu akadziwa akutayani. Mwina chimene mwatayacho sichidzabweranso, sindikunamizani. Koma werengani zimene zatsala m'manja mwanu, mutsegule pakamwa, mupemphe maso kwa amene ali nawo. Akakubwezani kamodzi, kakonzeni mubwerenso. Akakubwezani kachiwiri, lirani ndithu, kenako mubwerenso. Mtima wokhawo musautaye, poti ndi umene udzakuyendetseni pamene zina zonse zakana.